Mawu oti "teller": wokamba nthano kapena wowerenga ndalama?

Wa ku Mtakataka: Abale, ndithandizeni. Mwana wa achemwali anga wayamba ntchito kubanki, akuti ndi teller. Ine ndinamufunsa kuti, kodi uzikawafotokozera chiyani anthu pawindopo? Malume, amene anaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, anandidula pakamwa. Akuti mawuwa kale ankanena munthu wowerenga zinthu. Zoona zimenezi?

Mphunzitsi Wopuma: Malume anu sananame. M'Chingerezi chakale mawu oti "tellan" ankatanthauza zonse ziwiri, kuwerenga kuchuluka kwa zinthu ndi kusimba nkhani. Mpaka lero ku Nyumba ya Malamulo ya ku Britain aphungu anayi amene amawerenga mavoti amatchedwa ma teller, awiri a mbali yovomera, awiri a mbali yokana. Kunalinso ma teller anayi a Exchequer, ofesi ya chuma cha boma, olandira ndalama za mfumu, ndipo udindowo unathetsedwa mu 1834. Ajeremani nawo kuwerenga kuchuluka kwa zinthu amati zählen, kusimba amati erzählen.

Wa ku Joni: Aphunzitsi, mwapita patali. Teller ndi teller chifukwa amakuuza ndalama zimene zatsala mu akaunti. Kuuza basi.

Mdzukulu wa Anaphiri: Mwandikumbutsa agogo anga. Sanapiteko kusukulu, koma mbuzi zikamalowa m'khola madzulo ankaima pakhomo n'kumatchula imodziimodzi: yamawanga, yothyoka nyanga, ija tinagula chaka cha njala, mwana wake wa yakuda ija. Mbuzi iliyonse inali ndi mbiri yake, ndipo ikasowa imodzi ankadziwa pomwepo chifukwa nkhaniyo yaduka. Usiku akati "Padangotero" ife n'kuti "Tili tonse", kachitidwe kanali komweko. Fisi wadya mwana woyamba, wabweranso wadya wachiwiri, ndipo ukalumpha mmodzi pobwereza nthanoyo ankakubweza. Ndikalemba izi misozi ikulengeza.

Mayi wa Ana Atatu: Komanso bwanji tikudabwa ndi Chingerezi? Ife timati kuwerenga buku, kuwerenga ndalama. Mawu amodzi omwewo. Agogo anga aamuna anali kalaliki pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo agogo aakazi ankakhulupirira kuti dzinalo likuchokera ku mlaliki.

Mphunzitsi Wopuma: Kalaliki tinabwereka ku "clerk", mayi. Koma agogo anu sanaphonye kwenikweni, chifukwa clerk anachokera ku Chilatini, clericus, munthu wa tchalitchi. Nthawi imeneyo odziwa kulemba ambiri anali a tchalitchi.

Wa ku Joni: Zonsezo ndamva, koma taonani ATM. Chilembo T chija ndi teller. Makina aja amakuuza balansi pagalasi. Ndiye mfundo yanga ikulakwika pati?

Mdzukulu wa Anaphiri: Achimwene, mukaima pa ATM simumva phokoso lija mkati ndalama zisanatuluke? Akuwerengatu amenewo.

Gogo wa ku Area 25: Ine chikundiwawa n'china. Tikukangana za mawu a eni, pamene ana athu kuwerenga m'Chichewa sakutha. Mdzukulu wanga ndinamutuma mazira asanu ndi atatu, anabwera ndi asanu m'pepala ina, atatu m'pepala ina, akuti amaganiza ndi a anthu awiri. Zonse ndi faifi, teni, handiredi. Nthano ndiye osanena, madzulo aliyense maso pafoni.

Mayi wa Ana Atatu: Zoona agogo, koma tisawanamizire ana okha. Ndani wa ife pamsika amati makumi asanu? Anga ndikawayambira "Padangotero" amangondiyang'ana, sadziwa choyankha, ndipo wolakwa ndine amene sindinawaphunzitse ali aang'ono.

Wa ku Mtakataka: Ndamuwerengera mwana uja zonsezi. Akuti ntchito yake tsiku lonse ndi kuwerenga ndalama, ndipo zikapanda kugwirizana madzulo saweruka.

Wa ku Joni: Mufunseni ngati sauza anthu balansi. Ine sindinasinthe maganizo.