Amayi anzanga, m'mawa mumakwanitsa bwanji ndi ana awiri aang'ono?

Amayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi ana awiri: wamkulu wa zaka 3, amene wayamba sukulu ya mkaka, ndi wamng'ono wa miyezi 7. Ndabwerera kuntchito m'tauni, ndipo ndikapanda kukwera minibasi isanakwane 6:30 kuno ku Area 25, basi tsikulo ndachedwa.

Vuto lalikulu ndi m'mawa. Magetsi akazima zonse zimadalira mbaula imodzi: madzi osamba, phala, tiyi wa bambo awo. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro limafuna nthawi kuti lipse bwino, ndiye likapsa wamkuluyo akangoona supuni amatseka pakamwa kuti gwa. Likuni Phala amadyako pang'ono, koma mtengo wake masiku ano si wamasewera. Wamng'onoyo wayamba kumene kudya atakwanitsa miyezi 6 ndipo akadayamwa, moti amalirira bere nthawi yomweyo imene ndikuvala.

Kodi phala ndikaphika usiku n'kuliika m'fulasiki, m'mawa lingakhale labwino kwa mwana wa miyezi 7, kapena limasasa? Nanga mkaka wofinya ndingausiye bwanji kwa mtsikana wondithandiza, poti firiji sitingaidalire? Apongozi akuti azingomupatsa madzi a shuga ndikachoka, koma ine mtima ukukana.

China n'chakuti wamkuluyo sagona mpaka cha m'ma 10 koloko usiku, ndiye kumudzutsa m'mawa imakhala nkhondo. Anu mumawagoneka nthawi yanji, ndipo mumatani kuti akalowa m'neti asatulukemonso?