Makompyuta atatu akukana kulowa mu domain, ndithandizeni

Moni nonse akuluakulu. Ndathedwa nzeru kuno. Muofesi mwathu ku Zomba tili ndi makompyuta 7 a Windows 11 Pro ndi seva ya Windows Server 2019. Chizimireni magetsi Lachiwiri, atatu akukana kulowa mu domain (netiweki ya muofesi imene seva imayang'anira), akuti palibe logon server, seva yotsimikizira olowa. Ndikalemba ipconfig kuti ndione IP (adiresi ya kompyuta pa netiweki), awiri akuonetsa yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti sakupeza DHCP, yomwe imagawa ma IP. Yachitatuyo ndiyo yandizunguza mutu: ili ndi 192.168.1.23, intaneti ikugwira bwinobwino, koma DNS (yomwe imasandutsa mayina kukhala ma IP) yaloza ku rauta osati ku seva.

Ndasintha mawaya, ndazimitsa switch n'kuyatsanso, ndayesa ipconfig /renew, koma ayi ndithu. Kodi n'kutheka kuti rauta yayambanso kugawa ma IP, n'kumalimbana ndi seva? Ndizimitse DHCP ya pa rautayo kapena ndiyambire pena? A akaunti andikhalira pakhosi, mwezi watha.