Mfuti ya malemu bambo ndi sikopu yake: ndigulitse bwanji kuti tisaluze?

Wofunsa:
Bambo athu atamwalira chaka chatha, abale tinagwirizana kuti mfuti yawo yosakira nyama igulitsidwe, popeza palibe mwa ife amene amasaka. Pa mpope wake palembedwa kuti Winchester Model 70, .30-06 (mtundu wa zipolopolo zake), ndipo pamwamba pake pali sikopu (galasi loonera patali polozetsa mfuti) ya kampani ya Leupold. Thabwa la chogwirira lili ndi zipsera ndipo chitsulo chasuluka mwina ndi mwina, choncho ndikuganiza zoipala ndi sandipepa n'kuipaka vanishi ndisanaitsatse. Kodi imeneyi ndi nzeru? Nanga sikopuyo ndigulitsire kumodzi ndi mfuti?

Yankho loyamba:
Pepani ndi imfa ya bambo. Ndikupempheni ndithu kuti sandipepayo muisiye, chifukwa anthu odziwa mfuti zakale amalipira bwino ikakhala mmene inachokera kufakitale, ngakhale ili ndi zipsera zakutchire, ndipo akangoona vanishi watsopano amatsitsa mtengo. Ingoipukutani ndi kansalu kodonthezera mafuta a mfuti, kenako muunike mkati mwa mpope kuti muone ngati muli dzimbiri, poti wogula wozindikira amayambira pamenepo.

Chachikulu n'kudziwa chaka chimene inapangidwa. A Winchester anayamba kupanga Model 70 mu 1936, koma mu 1964 anasintha kapangidwe kake pofuna kuchepetsa ndalama zopangira, moti zimene zinatuluka chakacho chisanafike zimafunidwa kwambiri ndipo mtengo wake ndi wokwera. Onani nambala yodindidwa pa chitsulo: ngati ndi yochepera 700,000 ndipo ilibe chilembo G kutsogolo, muli ndi yakaleyo, ndiye musathamangire munthu woyamba kukutchulirani mtengo. Chinanso chokomera inu n'chakuti zipolopolo za .30-06 sizivuta kupeza, kotero alenje sachita nayo mphwayi.

Yankho lachiwiri:
Ine ndikuona kuti sikopu muigulitse payokha. Wogula mfuti kawirikawiri amakhala ali nayo kale ina imene amaikonda, ndiye yanuyo amaitenga ngati basera chabe. A Leupold amakonza sikopu zawo ngakhale mwiniwake atasintha, ndipo n'chifukwa chake zogwiritsidwapo kale ntchito sizigwa mtengo msanga. Muonetsetse kuti magalasi alibe mikwingwirima kapena nkhungu mkati, ndipo poichotsa mupeze wodziwa kuti asawononge tizomangira.

Kunena za kogulitsa, wamalonda wa mfuti amalipira pompopompo koma motsika, poti naye akufuna phindu. Kumusiyira kuti akugulitsireni n'kudulapo gawo lake kumachedwa, komabe ndalama zimachulukirapo. Ngati ili yakaledi, okushoni ya mfuti ndi imene ndingasankhe ineyo. Mufufuzenso mitengo imene zina zonga yanuyo zinagulidwadi, osati imene eni ake amangotchula potsatsa.

Yankho lachitatu:
Anzangawa anena zoona, koma musanajambule n'komwe chithunzi chotsatsira, pitani ku ofesi yoona za ziphaso za mfuti ndi chiphaso cha malemu pamodzi ndi kalata ya imfa, kuti akuuzeni woyenera kuisunga pakadali pano ndiponso mmene umwini umasinthira. Wogula akhale ndi chilolezo chake, ndipo amene akuyendetsa chuma chamasiye asainire malondawo. Musanaigwire, wodziwa atsimikize kuti mulibe chipolopolo mkati.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonsenu. Nambala yake ili m'ma 400,000 ndipo ilibe chilembo, choncho sandipepa ndaisiya. Mawa ndiyambira ku ofesi ya ziphaso, ndipo amayi apezanso bokosi la sikopu m'katundu wa bambo.