Kodi "maloto a chumba" akuluakulu ankatanthauzanji kwenikweni?

Abale odziwa miyambi, tandithandizani. Masiku ano munthu akati "amenewo ndi maloto a chumba" amangofuna kunena kuti zimene ukuyembekezerazo sizidzatheka, basi. Koma ine ndikuona ngati mwambiwu tinautola theka lokha. Mayi wosabereka amalota akuyamwitsa chifukwa ndi zimene mtima wake umalingalira usana wonse. Ndiye kodi akuluakulu sankatiuzanso kumene maloto amachokera? Mawu oti chumba amapweteka, ndikudziwa, ndipo sindikuwatchula monyoza mayi aliyense.

Chandifunsitsa ndi nkhani ya anthu awiri amene amati alota zofanana usiku umodzi. Ambiri amafulumira kunena kuti mizimu yawo inakumana kutulo. Ine sindivomereza, ndipo ngati ndaumva bwino mwambiwu, uli kumbali yanga. Loto likamatsata nkhawa, ana awiri amene akudwazika mayi awo alekerenji kulota maliro onse awiri? M'chaka cha 2020, Deirdre Barrett, katswiri wofufuza za maloto wa pa yunivesite ya Harvard ku America, anasonkhanitsa maloto a anthu ambirimbiri pa nthawi ya Covid-19, ndipo anthu osadziwana n'komwe ankalota tizilombo tikuwaukira. Onsewo ankaopa chinthu chimodzi.

Ogona m'chipinda chimodzi ndiye nkhani yake ndi yapafupi. Galu akauwa panja amva onse, kukazizira azizidwa onse. Mu 1958 ofufuza za tulo William Dement ndi Edward Wolpert ankawaza timadzi pa anthu ali m'tulo, ndipo powadzutsa, pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse anasimba maloto okhala ndi madzi.

Koma pamene ndimakayikira kwambiri ndi posimbirana m'mawa. Loto silichedwa kuthawa, ukangodzuka umatsala ndi zidutswa. Wina akayamba kuti "ndinalota ndikuwoloka mtsinje", mnzake amati "inenso munali madzi", pomwe mwina iye analota chitsime. Akamakambirana, aliyense amatseka mipata ya loto lake ndi mawu a mnzake, ndipo pofika madzulo onse akulumbira kuti unali mtsinje womwewo. Sikuti akunama ayi, ndi mmene kukumbukira kumatichitira tonsefe. Nanga masiku onse aja amene analota zosiyana, amawawerenga ndani? Ndiponso maloto ena, monga kuthamangitsidwa kapena kugwa kuchokera pamwamba, pafupifupi aliyense anawalotapo, choncho kufanana kwake sikodabwitsa. Ofuna kuyesa zenizeni alembe aliyense lake payekha asanalankhulane.

Akatswiri anayesapo kuona ngati maganizo a munthu angalowe m'loto la mnzake. Pa chipatala cha Maimonides ku New York, m'zaka za m'ma 1960, Montague Ullman ndi Stanley Krippner ankapatsa munthu chithunzi kuti aziyang'anitsitsa pamene wina akugona m'chipinda china, kuti aone ngati wogonayo alote chithunzicho. Iwo anati zinkatheka, koma David Foulkes ndi anzake atabwereza kafukufukuyu ku Wyoming, ku America komweko, sanapeze zomwezo.

Tsono inu amene munakula ndi agogo odziwa kuphera mwambi, iwo ankaunena pa nkhani zotani? Unali wongodzudzula woyembekezera zosatheka, kapena ankaunenanso pofuna kukhazika mtima pansi munthu amene wadzuka ndi mantha chifukwa cha loto?