Scanner ikudumpha dzina la wogula pambuyo pa nextInt()

Wa ku Luwinga: Aphunzitsi anzanga, zandikwana. Ophunzira anga akulemba kapulogalamu ka Java kotulutsa lisiti pa console (sikirini ya malemba okhaokha), koma Scanner (chida cha Java chowerenga zimene munthu walemba pa kiyibodi) ikangowerenga chiwerengero cha katundu ndi nextInt(), nextLine() yotsatira, yomwe imawerenga mzere wathunthu, siyikudikira kuti munthu alembe dzina, moti lisiti ikutuluka yopanda mwini. Mitengo nayonso yakhotakhota ngakhale aika \t (chizindikiro cha tab chosiya mpata) paliponse. Mayeso ayandikira, ndiye ndithandizeni msanga.

Mayi a ku Katoto: Bambo, nextInt() imatenga manambala okha n'kusiya Enter amene munthu wadina mu buffer (malo osungira zolembedwa zisanawerengedwe), ndipo nextLine() ikafika imamumeza n'kubweza mzere wopanda kanthu. Ikani nextLine() ina pakati kuti imuchotse. Za \t zisiyeni, chifukwa dzina likangotalika zonse zimasuntha. Gwiritsani ntchito printf("%-15s%,12.2f%n", dzina, mtengo), yomwe imapatsa dzina ndi mtengo malo okhazikika.

Wa ku Chibavi: Mayi, nextLine() yapakatiyo n'chigamba chabe. Ana aziwerenga mzere wathunthu nthawi zonse, kenako Integer.parseInt() iusandutse nambala. Kusakaniza nextInt() ndi nextLine() ndiye gwero la vutoli.

Wa ku Zolozolo: Musaiwalenso manambala a foni. Mnyamata wina m'kalasi mwanga anawasunga mu int (mtundu wosungira manambala athunthu), ndipo 0 woyamba uja anasowa pa malisiti onse. Atayesa kuyamba ndi 265, pulogalamu inagwa ndi InputMismatchException, popeza int imalekera pa 2,147,483,647. Anakhala masana onse akuganiza kuti kompyuta ili ndi vairasi. Nambala ya foni siiwonkhetsedwa, choncho ikhale String, kutanthauza malemba.

Mayi a ku Katoto: Komatu parseInt nayo ili ndi msampha, Bambo a ku Chibavi. Munthu wa kuno amalemba K12,500 monga zimalembedwera m'sitolo, ndipo pomwepo mupeza NumberFormatException, pamene ana ambiri sanafike pa try ndi catch (njira yogwirira zolakwika kuti pulogalamu isagwe).

Wa ku Chibavi: Ndiye aphunzitsidwe try ndi catch msanga. Ndikubwerezabe kuti mzere wathunthu, kenako parseInt. Mwana wozolowera chigamba adzaiwala kuchiika tsiku lina, ndipo sadzadziwa pamene palakwika.

Wa ku Chiputula: Chenjezo langa lili pa close(). Mukatseka Scanner mkati mwa method (kagawo ka pulogalamu), System.in, yomwe ndi njira yolandirira zolembedwa pa kiyibodi, imatsekeka nayo, ndipo Scanner yatsopano imagwa ndi NoSuchElementException. Ndalamanso musaziike mu double (mtundu wa manambala a madesimo) mwachisawawa, chifukwa 0.1 + 0.2 imatulutsa 0.30000000000000004, ndipo %.2f imangobisa zimenezi pa sikirini.

Wa ku Chibavi: Zonsezo n'zoona, koma poyambira ndi pomwe ndanena paja. Kodi a ku Luwinga, ana anuwo ali ndi Scanner zingati m'pulogalamu imodzi?