Chiwindi chandivuta, ndisiye udalaivala kapena ndilimbikebe?

WaThanki82:

Moni nonse. Nkhani yanga ndi yayitaliko mundipirire. Ndine bambo wa zaka 43, ndimayendetsa thanki ya mafuta, kawirikawiri njira ya ku Dar, mwa apo ndi apo ku Beira, ndipo pomwe ndikugwira panopa ndathapo zaka 11. Chaka chatha ndinayamba kutupa miyendo ine nkumati ndi kukhalitsa pampando basi, kenako mimba nayo inayamba, lamba osakwananso chonsecho nkhope ikuonda. Kuchipatala anandiyeza magazi nkupeza hepatitis B, sikani inaonetsa kuti chiwindi chinauma kale, adokotala amati cirrhosis. Mowa ndinasiya kalekale ndipo sindinakhalepo chidakwa, ndikunena dala izi chifukwa munthu ukangotchula chiwindi aliyense amathamangira kwa kachasu.

Anandipatsa tenofovir wakumwa tsiku lililonse, ndi mapilisi awiri ochotsa madzi, spironolactone ndi lasix. Mimba inaphwa ndithu. Koma taganizani munthu wamwa lasix mmawa uli pamzere pa boda ya Songwe, kapena uli pakati pa phiri la Kitonga pomwe sungaimike thanki chisawawa. Nde masiku aulendo ndimangowadumpha mapilisiwo, ndikafika kunyumba miyendo ili ndiii. Za mchere musanene, akuti ndichepetse koma panjira udya chani, ndi chipisi mayai ndi nyama yootcha basi.

Chomwe chandiopsa ndi ichi. Ulendo wathawu ndikubwera nditalodi, ndinadutsa Karonga bwinobwino, kenako ndinangozindikira ndili pamwamba pa Chiweta koma mmene ndinakwerera phiri lonse lija sindikukumbuka ngakhale kona imodzi. Ndinaimika nkukhala pansi kwa ola lathunthu. Usiku tulo sitibwera, masana ndi pomwe ndimawodzera. Mayi akunyumba akuti masiku ena ndimafunsa chinthu chimodzi katatu, ine ndimakana koma mwina nzoona.

Abwana sindinawauze kalikonse. Salale yanga ndi yochepa, chomwe chimatidyetsa ndi alawansi ya ulendo. Mwana woyamba ali ku koleji, wachiwiri folomu 3, nyumba ili pa lenta, ndipo medical scheme yomwe ikundilipirira sikani ndi ya kuntchito komweko. Mayi akuti siyani mawa lomwe. Ine ndikuti ndikasiya tidya chani. Alipo anadutsamo mu zoterezi? Munasiya liti, ndipo munadziwa bwanji kuti nthawi yakwana?

NaBanda_wa_ku_Lunzu:

Achimwene pepani kwambiri. Ine si dokotala, ndingokuuzani za amuna anga. Iwo chawo chinali likodzo la mmatumbo, anakulira kunyanja, linawononga chiwindi mwakachetechete mpaka tsiku lina anangoyamba kusanza magazi kubafa, beseni losambira lija. Ku Queens anawalowetsa kapaipi kukhosi nkumanga mitsempha yomwe imatuluka magaziyo ndi timalabala, anabwererako kangapo, panopa amamwa propranolol tsiku ndi tsiku.

Cholakwa chomwe tinachita ndi ichi, ndipo ine ndi amene ndinawakakamiza nde ndimadziimba mlandu mpaka lero. Atangotuluka mchipatala ndinawauza ngati mmene akukuuzirani akazi anumo, siyani mawa. Analemba kalata yosiya okha ndi dzanja lawo, mizere itatu, osatchulamo ndi matenda omwe poti amachita manyazi. Kampani inangoti zikomo. Sikimu inaduka mwezi womwewo, ndalama za penshoni tinazidikira miyezi ndi miyezi, nthawi yomwe timafunika thiransipoti yopita kuchipatala pafupipafupi. Patapita nthawi munthu wina anatiuza kuti akanayamba atenga sick leave kaye zinthu zikanayenda mwina. Tinalibe wotiuza.

China chomwe anthu sakamba ndi kukhala pakhomo. Mwamuna woti wazolowera kudzuka 5 koloko, mwadzidzidzi ali pakhonde tsiku lonse kuonerera nkhuku, anzake aja osabweranso. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba anasanduka munthu wina, ukali, kudya osafuna, ndinkaopa kuti maganizo ndi omwe awatenge osati chiwindicho. Anatsitsimuka titatsegula kaokala pakhomo, amakhalamo mmawa mpaka 12, masana nkukagona. Ndalama yake ndi yogulira ndiwo chabe koma amadzuka ali ndi kopita.

Koma za pa Chiweta zo ayi achimwene. Thanki yodzadza mafuta, phiri lija, pansi pali midzi ndi maminibasi. Akazi anu sakulakwa kuchita mantha.

Kadyankena_Dar:

Akulu musathamange. Tonse amene tili pamsewu tikudwala kenakake, wina shuga wina BP wina msana, ukawauza mabwanawa lero mawa thanki yako apatsa mnyamata wina, madalaivala ali mbwee pageti ndi malayisensi mmanja. Zoiwala njirazo zimachitika ukatopa, ineyo Mikumi ndadutsapo kangati osakumbuka. Gwirani zaka ziwiri mumange nyumba kaye. Komanso ku Mbeya kuli mayi wina amagulitsa mankhwala azitsamba otsuka chiwindi, mnzathu wina anamwa akuti anapeza bwino, ndikhoza kukutengerani botolo ulendo uno.

Sisita_wa_pa_wodi:

A Kadyankena, ndikudziwa mukunena mwachikondi koma botololo lisiyeni ku Mbeya konko. Chilichonse chomwe munthu wamwa chimakadutsa mchiwindi, nde chiwindi chouma kale ukachithira zosadziwika muyezo ndi momwe anthu amabwerera pa wodi maso ali chikasu. Chimodzimodzi brufen, diclofenac, indocid, awa kwa munthu wa cirrhosis amaononga impso ndipo amatha kuyambitsa kutaya magazi mmimba. Panado yekha, naye pangʼono, muyezo akuuzeni adokotala anu.

Tsopano bambo WaThanki. Ine ndine namwino, sindinakuoneni nde sindingakuuzeni motsimikiza, koma zinthu zitatu mwatchulazo, kugona masana usiku nkukhala maso, kubwereza mafunso, ndi kuiwala chigawo chathunthu cha msewu, kwa munthu wa cirrhosis timayamba taganiza za hepatic encephalopathy. Mwachidule, matumbo amapanga zoipa monga ammonia, ntchito yozisefa ndi ya chiwindi, chikafooka zoipazo zimadutsa nkukafika ku ubongo. Kuipa kwake nkwakuti mwini wake sadziwa, amene amaona ndi wapambali. Nde mayi akunyumba akamati mwafunsa katatu, akhulupirireni. Yesani izi, tambasulani manja kutsogolo zikhatho zitaimirira ngati mukuimitsa galimoto, mayi aone ngati zikugwedezeka ngati mapiko. Zikatero musadikire tsiku la appointment.

Nkhani yabwino ndi yakuti zimathandizika. Pali mankhwala amadzi otsekemera, lactulose, amapangitsa kuti muzipita kuchimbudzi kawiri kapena katatu patsiku, zoipazo zizituluka. Ndipo kawirikawiri pamakhala choyambitsa, kudzimbidwa, kuchepa madzi mthupi, matenda ena olowa mmadzi a mmimbamo, kutaya magazi mkati, ngakhale mapilisi a madzi omwewo akasokoneza mchere wa mmagazi. Tsono onani moyo wa panjira, kudzimbidwa tsiku ndi tsiku, kutentha kwa ku Dar pamzere wolodi, mapilisi lero mwamwa mawa ayi. Zonse zoyambitsa zili mu kabini mwanumo. Ndipo lactulose ndi thanki sizingayendere limodzi, mudziwa nokha chifukwa chake.

Ine funso lanu ndikuligawa pawiri. Kusiya chiwongolero cha thanki, eya, panopa, mpaka adokotala anene okha. Kusiya ntchito yonse, limenelo ndi funso lina ndipo yankho lake silikudziwika lero. Anthu ena a hepatitis B akamamwa tenofovir mosadumphitsa, kachilombo kakagona, chiwindi chimapezako mpumulo moti pakatha chaka madzi osabweranso, mphamvu nkubwererako. Si onse, koma alipo. Chachikulu musamusiye tenofovir yo ngakhale mutapeza bwino, kumusiya mwadzidzidzi kachilombo kamadzuka mwaukali. Sikimu ikaduka funsani kuchipatala cha boma msanga musanathe botolo.

Zina mwachangu. Adokotala muwauze za pa Chiweta ndendende mmene mwalembera apa, musachepetse. Funsani ngati anakuonani kukhosi ndi kapaipi komwe akunena a NaBanda, ndipo chimbudzi chikadzakhala chakuda bii ngati phula thamangani usiku womwewo. Sikani ya miyezi 6 iliyonse musaiphonye, imeneyo amafufuza khansa. Musadzimane ndiwo zomanga thupi poganiza kuti mukuteteza chiwindi, mazira, nyemba, nsomba idyani, ndipo musagone ndi njala, kaphala usiku musanagone kamathandiza kuti minofu isathe. Usipa wouma wothira mchere uja ndi timakyubu tokometsera ndiwo ndi zomwe muchepetse. Mtedza ndi chimanga chachuku ayi, chuku chija chimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, ndi hepatitis B zikakumana nzoopsa.

Komanso mayi akunyumba ndi ana akayezetse. Katemera wa hepatitis B analowa mu katemera wa ana kuno mu 2002, nde ana anu mwina anabayidwa, koma kuyezetsa nkofunikabe, makamaka mayi, ndi abale anu obadwa nawo mimba imodzi poti ambiri kuno amakatenga ali ana. Kudyera mbale imodzi sikupatsirana ayi, anthu asakusaleni.

Mlembi_wa_Union:

Ndiwonjezere mbali ya malamulo poti a NaBanda aikhudza. Chonde bambo musalembe kalata yosiya. Employment Act yathu ya 2000 imati munthu amene wagwira miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa sick leave ya masabata osachepera 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro, pachaka, bola pakhale chikalata cha dokotala. Amenewo ndi masabata 12 oti mupume, muyambe mankhwala atsopano, muone thupi likuti chani, mukadali wantchito ndipo sikimu ikadalipo. Onaninso conditions of service ya pakampani panu, ena amapereka zoposa apo. Ndikudziwa alawansi ya ulendo mulibe mmenemo, ndipo ndi pomwe papweteke, sindikunamizani.

Mkati mwa masabata amenewo pemphani molemba, osati pakamwa pa geti, kuti akusinthireni ntchito. Munthu wa zaka 11 panjira ya Dar amadziwa mapepala a pa boda, amadziwa dalaivala akamanama za mafuta, angathe kukhala ku yadi kulondoloza magalimoto kapena kuphunzitsa anyamata atsopano. Akana kapena avomera, koma pempho likhale pa fayilo ndipo kope musunge kunyumba.

Zikakanika zonse, njira ndi kupuma pa zifukwa za matenda, dokotala atatsimikiza kuti simungagwirenso. Penshoni yanu, ija mumadulidwa 5 peresenti abwana nkuikapo 10, malamulo amalola kuipeza pa chifukwa chimenechi osadikira zaka zopumira. Musanachite chilichonse pemphani sitetimenti kwa omwe amasunga penshoniyo muone ngati abwana akhala akutumizadi ndalamazo, ndaonapo anthu akudzidzimuka pamapeto kuti zaka zitatu palibe chinalowa. Funsaninso za inshuwalansi ya moyo ya pantchito kuti imatha liti mukachoka. Akakuchotsani mwachinyengo atangomva za matenda, pitani ku leba ofesi, kukakanika kumeneko kuli khoti la nkhani za ntchito, Industrial Relations Court.

A Kadyankena, inu mukuti abise. Nanga atachita ngozi nkudzapezeka kuti fayilo ya kuchipatala inalipo kale, mlandu ukhala wa ndani? Banja lomwe mukuti alitetezelo ndi lomwe lidzatsale opanda kanthu.

WaThanki82:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Zamanja zija tayesa usiku wathawu, mayi akuti dzanja lamanzere limagwa nkudzuka, ine sindimamva kalikonse. Analira. Nde mmawa uno ndinapita kuchipatala osadikira deti, ndawauza zonse za pa Chiweta, adokotala anangovula magalasi nkundifunsa kuti thankiyo inali ndi malita angati. Andipatsa lactulose yo, atenga magazi, lasix andichepetsera kaye, ndipo alemba kalata ya masabata 4 yoti ndisayendetse galimoto iliyonse ngakhale kanjinga kamoto.

Ndimayenera kunyamuka Lachinayi kukalodi, ndaimbira a transport manager kuti ndikubwera ndi kalata mawa. Sanayankhe zambiri, angoti tikambirana. A Kadyankena musakhumudwe, botolo lija lisiyeni koma mukadutsa pa Uyole munditengereko mpunga, umenewo sanandiletse.

A Mlembi, pakalata yopempha kusinthidwa ntchitoyo, nditchulemo dzina la matenda kapena ndingoti malinga ndi malangizo a dokotala? Pamalo pathu paja nkhani siigona, ndipo anthu akamva hepatitis amayamba kukubisira makapu. Komanso woyamba uja sitinamuuzebe, ali mkati mwa mayeso, mayi akuti tidikire amalize.