Mbuzi zatupanso pansi pa chibwano chonsecho ndinazimwetsa mankhwala a njoka

Wa_ku_Goliati

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi mbuzi 14, masana ndimazimangirira m'mphepete mwa dambo, usiku zimagona m'khola lapansi. Kumayambiriro kwa Januwale ndinazimwetsa albendazole zonse, iliyonse 4 ml. Padutsa milungu inayi yokha, ziwiri zoyamwitsa zatupanso pansi pa chibwano, maso ayera, ubweya wanyankhalala, koma sizikutsegula m'mimba. Kodi mankhwalawo anali osagwira, kapena njokazi zikuchokera kuti msanga chonchi? Ndilinso ndi ng'ombe yamkaka yotsala pang'ono kubereka, ndiye ndikuopa kuti mbuzizi zidzapatsira mwana wake.

Mlangizi_Thyolo

Bambo, zimene mwafotokozazo ndi ntchito ya njoka yotchedwa Haemonchus contortus. Imakhala m'chifu chomaliza, chachinayi, chija chimalumikizana ndi matumbo aang'ono, ndipo chakudya chake ndi magazi. Mukadzapha mbuzi, mudzang'ambe chifu chimenecho n'kuyang'anitsitsa m'makwinya mwake. Mudzaona tinjoka ngati ulusi, totalika masentimita 2 kapena 3, tatikazi tili ndi mizere yofiira ndi yoyera yopotana. Wofiirawo ndi thumbo lodzaza magazi, woyerawo ndi njira ya mazira. Kanjoka kamodzi kamatayitsa magazi pafupifupi 0.05 ml patsiku, choncho mbuzi yokhala ndi njoka 2,000 ikutaya 100 ml tsiku lililonse. Magazi akasungunuka chonchi madzi amathawa m'mitsempha n'kukasonkhana pansi pa chibwano. Njoka imeneyi kawirikawiri siitsegula m'mimba, n'chifukwa chake alimi ambiri amachedwa kuizindikira.

Tsono mvetsani ulendo wake, chifukwa yankho lanu lili pamenepo. Yaikazi imaikira mazira 5,000 mpaka 10,000 patsiku, ndipo amatuluka ndi ndowe. Kukatentha komanso kuli chinyezi, monga momwe kulili kuno mu Januwale, mazirawo amaswa patangopita tsiku limodzi kapena awiri. Timphutsi take timadya m'ndowe momwemo, timafundula khungu, ndipo pakatha pafupifupi mlungu umodzi timafika pa msinkhu wachitatu, umene ndi woopsawo. Pa msinkhu umenewu sitidyanso. Timatuluka m'ndowe n'kukwera udzu potsata mame kapena madzi a mvula, tambiri timathera m'munsi mwenimweni, masentimita 5 kuchokera pansi, ndipo n'tochepa timene timapitirira 10. Mbuzi yomangirira imadya malo amodzi mpaka kupala udzu, pomwe yachitirapo ndowe, ndiye imatimeza tambirimbiri. Tikalowa m'chifu timayamba kuyamwa magazi tisanakule n'komwe, ndipo pakatha masiku 18 mpaka 21 tayamba kuikira mazira awo.

Albendazole amapha zimene zili m'mimba tsiku lomwetsalo basi, sakhalitsa m'thupi. Mbuzi mukaibwezera padambo pomwe paja m'mawa mwake, yayambanso kutola. Werengani masikuwo: milungu inayi ndi yokwanira ndithu kuti gulu latsopano likule n'kuitupitsanso. Zoyamwitsa zayamba kugwa chifukwa chitetezo cha thupi chimatsika mbuzi ikatsala pang'ono kubereka mpaka milungu ingapo ikuyamwitsa, ndipo ndi zomwezo zimene zimamwaza mazira ochuluka pamene tiana tikuphunzira kudya udzu.

Kwathu kuno vuto limakula chifukwa cha chiperoni. Kuchigwa, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, dzuwa la chilimwe limawotcha timphutsi tambiri, pamene ku Thyolo ndi ku Mulanje mwamvumbi wa Juni ndi Julaye umasiya udzu wonyowa, ndipo kukazizira timphutsi timakhala ndi moyo nthawi yaitali. Tina timangogona m'khoma la chifu osakula, kudikira mvula ya Novembala.

Mayi_Chitakale

Ndikugwirizana ndi alangiziwa, koma Bambo taonaninso botololo. Palembedwa 2.5% kapena 10%? Funso limeneli si laling'ono. Mbuzi imafuna albendazole wosachepera 10 mg pa kilogalamu iliyonse, chifukwa thupi lake limaphwanya mankhwala msanga kuposa la nkhosa, ndipo muyeso wa nkhosa umene umalembedwa pamabotolo ambiri ndi wochepa kwa mbuzi. Wa 10% ali ndi 100 mg mu 1 ml, ndiye ndi 1 ml pa makilogalamu 10. Wa 2.5% ali ndi 25 mg yokha mu 1 ml, ndiye ndi 4 ml pa makilogalamu 10. Ngati lanulo ndi la 2.5%, mbuzi yaikulu ya makilogalamu 30 imafunika 12 ml, ndipo inu munaipatsa muyeso wa kamwana. Muyeso wochepa umapha njoka zofooka n'kusiya zolimba, ndipo zolimbazo ndi zimene zimaswana mpaka mankhwala amenewo kusiyiratu kugwira ntchito pakhomo panu.

Musamayese kulemera ndi maso. Bwerekani sikelo yopachika ija yoyezera chimanga, mudule thumba mabowo anayi a miyendo, mulowetsemo mbuzi n'kuikoloweka. Botolo likhutchumuleni bwino chifukwa mankhwala amakhazikika pansi. Sirinji ilowe cha m'mbali mwa kamwa n'kufika pamwamba pa lilime chakumbuyo, mutu uli mowongoka, osati kuyang'ana kumwamba, kuopa kuti angalowe m'mapapo. Mukathira kutsogolo kwa kamwa, mankhwala amatha kulambalala chifu chachikulu n'kudutsa msanga osagwira bwino. Zimathandizanso kuzimana chakudya usiku wonse musanamwetse, madzi okha zikumwa, koma musatero kwa zofookazo kapena za bere lalikulu. Mbuzi imene yangokweredwa kumene, m'mwezi woyamba wa bere, isamwe albendazole chifukwa amatha kupundula mwana m'mimba.

Ziwiri zatupazo zisadikire. Ngati muyeso unali wokwana, sinthani mtundu, muzipatse levamisole, 12 mg pa kilogalamu. Ameneyu ndiye amafuna sikelo kwambiri: mukapyola muyeso mbuzi imachucha dovu, imanjenjemera, mwinanso kufa. Kuti mudziwe ngati mankhwala akugwirabe, alangizi a ziweto atenge ndowe tsiku lomwetsa ndiponso pakatha masiku 10 mpaka 14. Mazira akapanda kutsika ndi 95 pa 100 iliyonse, njokazo zayamba kupirira.

Chinanso, lekani kumwetsa khola lonse nthawi imodzi. Pali njira ya FAMACHA, yochokera ku South Africa: mumatsitsa chikope cham'munsi poyera, padzuwa, n'kuona mtundu wa mkati mwake. Khadi lake lili ndi mitundu isanu, 1 wofiira kwambiri mpaka 5 woyera. Za 4 ndi 5 zimwe tsiku lomwelo, za 3 zimwe ngati zili tiana kapena zoyamwitsa, zofiirazo zisiyeni. M'dzinja muziona milungu iwiri iliyonse. Mbuzi imene imayera maso mobwerezabwereza anzake ali bwino, ndi yofunika kuigulitsa, musaisunge ngati mbewu.

Wa_ku_Goliati

Zikomo Mayi, ndaliona, ndi la 2.5%. Nanga za msipu ndi mwana wa ng'ombeyo?

Dairy_Bvumbwe

Za msipu, mabuku amati sunthani zikhomo pakatha masiku atatu kapena anayi, mazira asanasanduke timphutsi tokwera udzu, ndipo musabwerere pamalopo mpaka patadutsa milungu isanu kapena isanu ndi umodzi m'nyengo yotentha ya mvula. Miyezi yozizira pamafunika nthawi yoposa pamenepo. Nzeruyo ndi yoona, koma tinene chilungamo, pakati pa minda ya tiyi ndi ya chimanga ndani ali ndi malo otero? Kwa ine khola lam'mwamba ndilo yankho la m'dzinja. Likwere pafupifupi mita imodzi, mitengo yapansi italikirane pang'ono moti chala n'kulowa, kuti ndowe izigwa koma mwendo wa kamwana usakodwe. Chakudya chizipachikidwa kapena kuikidwa modyera, osati pansi. Udzu dulani m'mwamba, kusiya chikhatho chimodzi kuchokera pansi, ndipo onjezerani masamba a mitengo monga gilisidiya ndi lukina, poti timphutsi sitifika kumeneko. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Zatupazo zipatseni madeya ndi masangwi a mtedza kuti zibweze magazi. Ndowe yaiwisi ya mbuzi isapite m'munda wa nsenjere, iyambe yaunjikidwa n'kutentha mpaka kusanduka manyowa.

Mwana wa ng'ombe angatole njoka za mbuzizo ngati mukumudulira udzu padambo pomwe paja, koma choopsa chachikulu chili mwa mayi wake. Pali njoka ina, Toxocara vitulorum, yoyera, yonenepa, yofika masentimita 30. Ng'ombe yaikulu ikameza mazira ake, timphutsi sitikula, timakabisala m'chiwindi ndi m'ziwalo zina. Ikatsala pang'ono kubereka timadzuka n'kupita kubere, ndipo mwana amatiyamwa ndi mkaka m'masiku oyambirira. Pofika milungu itatu kapena inayi njokazo zakula m'matumbo aang'ono: mimba imatupa, ndowe imakhala yotuwa ndi yonunkha, mwana sakula, nthawi zina matumbo amatsekeka. Mkaka woyamba musamumane chifukwa cha zimenezi, umenewo ndiwo chitetezo chake. Chofunika ndi kumumwetsa levamisole kapena pyrantel ali ndi masiku 10 mpaka 16, njoka zisanayambe kuikira mazira, chifukwa mazira ake ali ndi chikhokho cholimba ndipo amakhala m'dothi la khola miyezi yambiri. Mayiyo musamubaye ivermectin pamene mukupereka mkaka ku bulking group (gulu la alimi losonkhanitsa mkaka wogulitsa), mankhwala amenewo amakhalitsa mumkaka.

Mlangizi_Thyolo

Ndiwonjezere za agalu, poti pakhomo pa mbuzi sipasowa galu. Njoka yawo, Toxocara canis, imalowa mwa tiana tikadali m'mimba, kuyambira cha m'ma tsiku 42 a bere, moti timabadwa nayo kale ndipo pofika milungu itatu tikutulutsa mazira. Timwetseni pyrantel tili ndi milungu 2, 4, 6 ndi 8, mayi wake nayenso, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6. Mazirawo amatenga milungu iwiri kapena kuposerapo ali m'dothi kuti ayambe kupatsira, ndiye manyi a galu akamawoledwa tsiku lililonse n'kutayidwa m'chimbudzi, mwadula ulendowo. Mwana wa munthu akameza mazira okhwimawo posewera pafumbi, timphutsi timayenda m'chiwindi, ndipo nthawi zina timafika m'diso n'kuwononga kuona. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye, makamaka m'miyezi imene pakhomo pali tiana ta galu.